Kodi Achinyamata Athu Tiwaonetse Filimu Yotani?

Nyengo yogulitsa fodya ikafika kuno ku Chidzolomondo, ndalama zimayenda m'manja mwa anthu, ndipo zina zimathera pa mafoni, mabatire a sola ndi timakadi tosungiramo nyimbo ndi mafilimu. Magetsi sanafike m'midzi yathu yambiri, ngakhale kuti damu lalikulu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechino cha Tete, koma kanema anafika kale. Mnyamata amene sanawerengepo buku mpaka kumapeto akhoza kukufotokozerani filimu ya maola awiri osaphonya kanthu. Choncho atsogoleri a achinyamata m'mipingo yathu ya ku Macanga ndi ku Tsangano akamafunsa ngati n'kololedwa kuonetsa filimu pa msonkhano wa achinyamata, timaona kuti funsolo lachedwa. Ana athu akuonera kale. Chimene chatsala m'manja mwathu ndicho kusankha filimu imene tingaonere nawo pamodzi, ndi kukambirana nawo Baibulo lili chitsegukire.

Alipo akulu a mpingo amene nkhaniyi imawadetsa nkhawa, ndipo sitiyenera kuwaseka. Uthenga Wabwino utafika ku Mphatso mu 1909 ndi Mbusa A.G. Murray, boma la Apwitikizi linatseka ntchito ya mishoni mu 1922, ndipo makolo athu anasunga chikhulupiriro zaka zambiri ali ndi Baibulo ndi nyimbo basi, ena akumaoloka malire kukapembedza ndi abale a ku Nyasaland. Anthu oleredwa chomwecho sakhulupirira msanga zinthu zooneka ndi maso. Komanso Katekisma wa Heidelberg wa 1563, pa funso 98, amakana kuti zithunzi zikhale m'tchalitchi m'malo mwa mabuku a anthu wamba, chifukwa Mulungu anasankha kuphunzitsa anthu ake mwa kulalikidwa kwa Mawu. Ife tikugwirizana nazo kotheratu. Filimu isalowe m'malo mwa ulaliki wa Lamulungu, ndipo isaonetsedwe monga gawo la mapemphero. Koma tikumbukirenso mneneri Natani pa 2 Samueli 12. Iye atatumidwa kukadzudzula Davide anayamba ndi nkhani ya munthu wosauka ndi kamwana kake ka nkhosa. Mfumu inapsa mtima niweruza mlanduwo, osadziwa kuti ikudziweruza yokha. Filimu yabwino imagwira ntchito yonga ya nkhani ya Natani. Koma Natani sanafotokoze nkhaniyo n'kubwerera kwawo. Anakhalabe pamaso pa mfumu mpaka anaiuza chimene nkhaniyo imatanthauza.

Ambiri a ife tinayamba ndi filimu ya Yesu, imene inatuluka mu 1979 potsata Uthenga wa Luka. Inajambulidwa ku Israyeli, ndipo bungwe la Campus Crusade for Christ laifalitsa mpaka yamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 2,000, Chichewa chili momwemo. Ubwino wake ndi woti mawu ake ambiri ndi a m'Malemba, choncho mtsogoleri akhoza kuimitsa filimu pa nkhani ya Zakeyu kapena ya Msamariya wachifundo n'kuuza gulu kuti litsegule Luka 19 kapena Luka 10, lione ngati zimene laonera zikugwirizana ndi zolembedwa. Chinthu chimodzi chokha tisaiwale kuwauza, makamaka ang'onoang'ono: munthu akuonekayo ndi Brian Deacon, wochita masewero wa ku England. Palibe amene ali ndi chithunzi cha nkhope ya Ambuye wathu, ndipo Iye anabadwa Myuda.

Vuto lalikulu lili pa mafilimu ena amene amatchedwa achikhristu. Pa timakadi togulitsidwa m'misika mumapezeka mafilimu ambiri a ku Nigeria, ena omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi amene amalankhulira pamwamba pa mawu a filimu, nthawi zina akuonjezera nthabwala zawo. M'mafilimu otere muli mapemphero, muli Baibulo, muli mbusa amene amagonjetsa mdyerekezi kumapeto, ndipo mtsogoleri wachangu amaganiza kuti wapeza chida cha Mulungu. Koma taonani chiphunzitso chimene chimabisala m'katimo. Munthu akadwala, bizinesi ikagwa, mayi akapita padera, filimu imasonyeza kuti pali wina m'banja momwemo amene wachita zimenezo usiku, ndipo kawirikawiri amakhala gogo wokalamba, apongozi, kapena mwana wamasiye amene akuleredwa pakhomopo.

Izi si nkhani zongoopsezana. Mu 1999 ku Nigeria kunatuluka filimu yotchedwa End of the Wicked, ya mlaliki Helen Ukpabio, imene imaonetsa ana akutuluka usiku kupita ku msonkhano wa mfiti kukapangana zowononga makolo awo. Mabungwe oteteza ana anaidzudzula kwambiri filimuyi ndi ena otere, ndipo mu 2008 wailesi ya kanema ya Channel 4 ya ku Britain inaonetsa ana a m'dera la Akwa Ibom amene anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'nyumba za makolo awo atatchulidwa kuti ndi mfiti. Ife kuno tikudziwa bwino zimene zimalankhulidwa pa siwa munthu akamwalira mwadzidzidzi, ndipo tikudziwa kuti chala chimaloza kwa yani. Mnyamata amene waonera filimu yotere pa msonkhano wa mpingo, mbusa kapena mkulu wa mpingo ali pomwepo, adzabwerera kwawo akuganiza kuti mpingo wavomereza kukayikira agogo ake. Sitikukana kuti mphamvu za mdima zilipo. Aefeso 6 amanena zimenezo poyera. Koma pa Yohane 9, ophunzira atafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, Ambuye anakana kuloza munthu aliyense, nachiritsa wosaonayo. Ndipo pa Marko 10 anakwiyira amene amaletsa ana kufika kwa Iye. Filimu imene iphunzitsa achinyamata kuopa nkhalamba ndi ana amasiye tiikane, ngakhale dzina la Yesu litchulidwemo kambirimbiri.

Chodabwitsa n'chakuti ena mwa mafilimu amene angatithandize kwambiri sanapangidwe ndi mpingo ayi. Chitsanzo ndi Neria, filimu ya ku Zimbabwe ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imene nkhani yake analemba Tsitsi Dangarembga, ndipo woimba Oliver Mtukudzi anasewera monga mlongo wake wa Neria. Neria ndi mwamuna wake Patrick anagwira ntchito limodzi napeza nyumba ndi katundu m'tauni. Patrick atamwalira pa ngozi, mbale wake Phineas anatenga ndalama ndi katundu ponena kuti ndi mwambo, natenganso ana, kufikira mayiyo analimba mtima n'kupita ku khoti. Anthu a m'filimuyi ndi Ashona, amene mwambo wawo umatsata kuchimuna, pamene ambiri a ife Achewa timatsata kuchikazi ndipo mwamuna amakhala pachikamwini. Kwa abale athu Angoni a ku Tsangano zina zimasiyananso. Kusiyana kumeneku n'kumene kumakometsa zokambirana. Afunseni achinyamata kuti kwathu kuno bambo akamwalira, ng'ombe, ngolo, njinga yamoto ndi ndalama za fodya zimapita kwa yani. Afunseni ngati mwini mbumba amateteza ana amasiye nthawi zonse. Kenaka werengani Yakobo 1:27 ndi nkhani ya Rute ndi Boazi, muone mmene wachibale woopa Mulungu amachitira ndi mkazi wamasiye. Anyamata akhala pamabenchiwo ndiwo adzakhale alamu ndi amalume mawa, ndipo tsiku lina makiyi a nyumba ya malemu adzakhala m'manja mwawo.

Filimu ina ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene ili ndi mwayi waukulu woti mbali yambiri ikulankhulidwa m'Chichewa. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, amene anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, koma anapitirira kuwerenga mabuku a m'laibulale mpaka anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga. Achinyamata adzaseka Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyi ndi kusewera monga bambo wa William. Alekeni aseke, lilime lathu si lapafupi kwa mlendo. Akatha kuseka adzaona zinthu za pakhomo pawo: anthu a m'mudzi akugulitsa mitengo kwa eni esiteti ya fodya chifukwa cha umphawi, banja likudya kamodzi pa tsiku, mtsikana akuthawa ndi mwamuna kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi, ndi bambo amene akukana kupereka njinga yake kwa mwana chifukwa akuona ngati zonsezo ndi masewera. Apa pali funso lovuta la lamulo lachisanu. Kodi mwana amalemekeza bwanji atate wake pamene iye wadziwa chinthu chimene atatewo sachidziwa? Ambiri mwa achinyamata athu ndi oyamba m'banja mwawo kufika ku sekondale, ndipo funso limeneli amakhala nalo tsiku ndi tsiku. Tichenjezeretu kuti m'filimuyi mukuoneka Gule Wamkulu pa maliro. Bwalo la akulu a mpingo lidziwe zimenezi filimu isanaonetsedwe, ndipo mtsogoleri akhale wokonzeka kufotokoza modekha chifukwa chake Mkhristu salowa kudambwe, popanda kunyoza achibale amene ali kumeneko.

Pa nkhani ya chibwenzi ndi mimba zosayembekezera ilipo Yellow Card ya mu 2000, ya ku Zimbabwe komweko, yonena za Tiyane, mnyamata waluso pa mpira amene anapereka mimba kwa mnzake wa kusukulu nayesa kuthawa udindo. Sikuti filimuyi imaphunzitsa za ukwati monga mpingo uphunzitsira, choncho chiphunzitsocho tionjezere ndife. Koma imaika mtolo pa mutu wa mnyamata, chinthu chimene ngakhale mabwalo athu a mpingo nthawi zina amachedwa kuchita, popeza mimba imaonekera mtsikana yekha. Pamenepo ndi pabwino kuwadziwitsanso kuti kuyambira mu 2019 lamulo la dziko lathu la Mozambique limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo limalanga ngakhale makolo ndi ankhoswe amene akonza ukwati wotere.

Ilipo filimu ya kwathu konkuno imene timaitchula mosamala, Comboio de Sal e Açúcar ya Licínio Azevedo, ya mu 2016. Ikunena za sitima yochokera ku Nampula m'nthawi ya nkhondo, itanyamula amayi opita kukasinthanitsa mchere ndi shuga cha ku Malawi. Achinyamata athu onse anabadwa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa kale ku Rome, ndipo ambiri sadziwa chifukwa chake makolo awo anakhala zaka m'misasa ya ku Dedza ndi ku Ntcheu. Komabe m'filimuyi muli kuphana ndi kugwiriridwa kwa amayi. Siyoyenera ana a kalasi, ndipo ngakhale kwa achinyamata okhwima ionetsedwe pokhapokha akulu amene anaiona nkhondoyo avomera kukhalapo ndi kulankhula. Pali mabala ena m'mipingo yathu amene sanapole.

Filimu iliyonse, mtsogoleri aionere yekha poyamba kuchokera pachiyambi mpaka kumapeto, pamodzi ndi mkulu wa mpingo mmodzi ndi mayi mmodzi wa chigwirizano, pakuti mayi amaona zimene abambo amaziphonya. Tinene izi molimba chifukwa timakadi ta m'misika timanyamula zinthu zosakanikirana, ndipo dzina lolembedwa pa foni silinena zonse za m'kati. Ngati filimu ili m'Chingerezi, monga Neria ndi Yellow Card, pafunika womasulira wa mumpingo momwemo amene waionera kale, popeza ana athu amaphunzira Chipwitikizi kusukulu. Ameneyu aimitse filimu nthawi ndi nthawi n'kufotokoza mwachidule, osaonjezera zake.

Nthawi nayo tiiganizire. Filimu ya maola awiri ikayamba dzuwa litalowa, imatha anthu atatopa, mafuta a jenereta atatha, ndipo zokambirana zija, zimene tinasonkhanira, zimalephereka. Kuonjezera apo atsikana amayenda mtunda wautali mumdima. Ndi bwino kuyamba masana Loweruka m'chilimwe, ntchito ya kumunda itachepa, n'kutchinga mazenera ndi zitenje kapena mphasa. Filimu yaitali igawidwe pawiri, theka sabata ino ndi theka sabata yamawa, kuti achinyamata akhale ndi masiku asanu ndi awiri otsutsana za chimene Neria kapena William ayenera kuchita. Pokambirana, anyamata ndi atsikana ayambe m'magulu osiyana, chifukwa atsikana ambiri salankhula za mimba kapena za chuma chamasiye pamaso pa anyamata, kenaka magulu onse akumane ndipo gulu lililonse linene vesi limene lapeza. Mafunso atatu ndi okwanira pa tsiku limodzi, ndipo mtsogoleri awalembe papepala filimu isanayambe.