KUTENTHA MTEMBO POPANDA MWAMBO WA MALIRO: TIYANKHE BWANJI?

Kwathu kuno kwa Malemia, m'chigwa cha Domasi, uthenga wa maliro ukamveka makasu amagona. Adzukulu amalawirira kumanda, amayi a Mvano amachezera kuyimba pa siwa, ndipo anansi athu a Chisilamu amadzakhuza nafe pamodzi. Mwambo wolirana umenewu unalipo kale mishoni ya Domasi isanatsegulidwe m'chaka cha 1884. Mpingo unaupeza, nuukometsa ndi Mawu a Mulungu.

Koma lero ana athu ambiri ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Mmodzi akamwalirira kumeneko, abale ayenera kulipira okonza mtembo, makalata a boma, bokosi, ndi galimoto yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kufikira pa Mwanza. Ndalama zikavuta, ena amapereka nzeru yakuti mtembo ungotenthedwa komweko, popanda abusa, popanda nyimbo, ndipo phulusa litumizidwe kumudzi m'kabokosi. Makolo ndi achinyamata, funso limeneli likafika pakhomo pathu tidzayankha chiyani?

Kutentha mitembo si chinthu chatsopano pa dziko. Ahindu akhala akuchita zimenezi kuyambira makedzana, pamene Asilamu amakana ndithu. Ku Britain bungwe lolimbikitsa mchitidwewu linayamba m'chaka cha 1874, ndipo ku Scotland, kumene kunachokera amishoni athu, nyumba yoyamba yotenthera mitembo inatsegulidwa ku Glasgow m'chaka cha 1895. Mpingo wa Katolika unavomereza m'chaka cha 1963. Masiku ano ku Britain, mwa anthu anayi alionse omwalira, oposa atatu amatenthedwa. Chachilendo ndi kuchita zimenezi popanda mwambo uliwonse, monga anachitira ndi woyimba wotchuka David Bowie m'chaka cha 2016.

Tsono apa pali mafunso awiri, ndipo tisawasakanize. Loyamba ndi la moto. M'Buku Lopatulika anthu a Mulungu ankaika akufa awo m'manda: Abrahamu anagula phanga la Makipela kuti aikemo Sara, ndipo Ambuye wathu anaikidwa m'manda a Yosefe wa ku Arimateya. Komabe pa 1 Samueli 31 timawerenga kuti amuna a ku Jabesi Gileadi anatentha mitembo ya Sauli ndi ana ake, naika mafupa awo, nasala kudya masiku 7, ndipo pa 2 Samueli 2 Davide anawayamika chifukwa cha chifundo chawo. Mulungu amene adzaukitsa omira m'nyanja ya Chilwa ndi okokoloka ndi namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023 sadzalephera kuukitsa phulusa.

Funso lachiwiri ndi la mapemphero. Ambiri adzadabwa kumva kuti buku la malangizo a chipembedzo limene Mpingo wa Scotland unalandira m'chaka cha 1645 linalamula kuti womwalira aikidwe popanda kuyimba kapena kupemphera pa manda. Makolo athu m'chikhulupiriro aja ankaopa kuti anthu angayese mapemphero athu ndiwo otsegulira wakufa khomo la kumwamba. Pa ichi ananena zoona: chipulumutso sichigulidwa ndi nyimbo za pa siwa. Komatu ngakhale iwo analangiza kuti abale ndi abwenzi aperekeze mtembo mwaulemu kufikira kumanda.

Mwambo wa maliro ndi wa ife otsala. Tinaona zimenezi m'zaka za 2020 ndi 2021, pamene boma linachepetsa chiwerengero cha anthu pa maliro chifukwa cha mliri wa Covid-19. Anamfedwa ambiri anatsala ndi chilonda chosapola, popeza sanatsazikane ndi okondedwa awo. Tikumbukirenso Susi ndi Chuma, amene ananyamula mtembo wa David Livingstone m'chaka cha 1873 kuchokera kwa Chitambo kufikira ku Bagamoyo, ulendo wa makilomita oposa 1,500, kuti abale ake akamlire. Chuma ameneyo anali Myao, mtundu wa anthu a kuno kwathu.

Chifukwa chake tilangizane motere. Achinyamata opita kunja, lowani m'mabungwe othandizana pa maliro, ndipo uzani makolo anu zofuna zanu mukadali ndi moyo. Makolo, ngati umphawi wakakamiza banja kulandira phulusa m'malo mwa bokosi, tisalinyoze banjalo. Tidziwitse a mfumu ndi akulu a mpingo, tisonkhane, tiwerenge Mawu, tiike phulusalo m'manda a makolo, kuti mwana wamasiye akadzakula adzakhale ndi malo olozapo. Tichepetsenso mtolo wa maliro athu a kumudzi: bokosi la mtengo wapatali ndi nkhokwe yosiyidwa yopanda kanthu sizitonthoza mkazi wamasiye.

Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Kaya kwafika bokosi kaya kwafika phulusa, banja lisalire lokha.