Zotsatira za mayeso ku Mchinji: mwana wachokera kuti, wafika pati?

Chaka chilichonse, bungwe loyendetsa mayeso la Maneb likatulutsa zotsatira, maso a makolo amathamangira pa mndandanda wa sukulu zomwe zachita bwino ndi zomwe zagwa chagada. Kawirikawiri sukulu zoyendera za m'midzi, zotchedwa CDSS, ndizo zimapezeka kumchira, ndipo chala chimaloza aphunzitsi. Koma kuti munthu amvetse manambalawa, ayenera kuyamba wadziwa ana amene amalowa m'sukulu iliyonse ndi amene amafika tsiku la mayeso. Boma la Mchinji, lomwe lachita malire ndi Zambia komanso Mozambique, likuonetsa bwino nkhaniyi.

Kusiyana kumayambira pa chisankho cha fomu 1. Mwana akalemba mayeso a PSLCE mu sitandade 8, unduna wa zamaphunziro umagawa malo potengera malikisi. Okhoza koposa amapita kusukulu zotenga ana a dziko lonse monga Dedza, Lilongwe Girls, kapenanso Ludzi Girls, ya mpingo wa Katolika, yomwe ili mu Mchinji momwemo. Otsatira amapita kusukulu zogonera konko monga Mchinji Secondary ndi Magawa. Sukulu za CDSS zimalandira otsalawo kuchokera m'mapulayimale oyandikana nazo, ndipo ena ambiri okhoza sapeza malo n'komwe. Choncho, ana asanatsegule buku la fomu 1, amakhala atasefedwa kale.

Mbiri ya sukuluzi ikufotokozanso zambiri. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Pofuna kupezera malo khwimbi la anali, mu 1998 boma lidasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala sukulu za sekondale zoyendera. Zambiri zidayamba popanda malabotale kapena nyumba zowerengeramo mabuku, ndipo zinkadalira aphunzitsi amene adaphunzitsidwa ntchito ya kupulayimale. Zina zatukulidwa, koma mpata pakati pa sukuluzi ndi zogonera konko sudatsekeke.

Nanga ana ake ndi otani? Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, ndipo ambiri mwa iwo ndi alimi a chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, zomwe zikutanthauza kuti kubzala, kupalira ndi miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale zimagwera pakati penipeni pa maphunziro. Mwana wogonera pasukulu amadya katatu ndipo madzulo amawerenga pamagetsi. Mnzake woyendera amadzukira kumunda, n'kuyenda mtunda wautali wapansi kapena panjinga, ndipo pobwerera amapeza ntchito zapakhomo zikumudikira. Ana a matenanti m'maesiteti a fodya amasamuka ndi makolo awo nyengo ikatha, maphunziro n'kudukiza.

Malire nawo ali ndi chikoka chake. Msewu wochokera ku Lilongwe umadutsa pachipata cha Mwami kulowera ku Chipata, ndipo m'misika ngati Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda ndalama zimayenda nthawi yokolola. Kwa mnyamata wa pabanja losauka, ganyu wa m'minda ya tsidya lina, kuweta ng'ombe kapena kabaza zimabweretsa ndalama lero, pamene phindu la satifiketi lili kutali. Kwa mtsikana, chiopsezo chachikulu ndi mimba ndi ukwati. Malamulo alipo: kuyambira mu 1993 mtsikana amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Komabe lamulo silifupikitsa mtunda. Atsikana ochokera kutali amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu, n'kumadziphikira okha popanda wamkulu wowayang'anira.

Apa ndi pamene chiwerengero cha okhoza chimatha kusocheretsa. Maperesenti amawerengedwa pa ana amene alemba mayeso basi. Tiyerekeze kuti sukulu yalandira ana 100 mu fomu 1, koma ofika pa mayeso a JCE mu fomu 2 ndi 60, ndipo 54 akhoza. Papepala sukuluyo yakhoza ndi 90 peresenti, chonsecho ana 40 asowa panjira. Sukulu ina imene yasunga ana 95, n'kukhozetsa 70, ioneka yotsika pamndandanda ngakhale yapulumutsa ana ochuluka. Mayeso a JCE, omwe adathetsedwa atalembedwa komaliza mu 2016 n'kubwezeretsedwa mu 2021, amathandiza kuona msanga pamene ana akutsalira, koma sanena kanthu za amene adasiya.

Chingerezi nacho ndi mpanda wina. Mwana sangalandire satifiketi ya JCE kapena MSCE atalephera phunziroli, ngakhale atakhoza ena onse. Mwana wa m'tauni amachimva pa wailesi yakanema ndi pafoni, pamene wakumudzi amakumana nacho m'kalasi mokha.

Zonsezi sizikuchotsa udindo pa aphunzitsi ojomba kapena akuluakulu a sukulu olekerera. Zikungosonyeza mafunso amene makolo, makomiti a sukulu, mafumu ndi makhansala ayenera kufunsa zotsatira zikatuluka. Adalowa fomu 1 ndi angati, ndipo alemba mayeso ndi angati? Mwa osiyawo, atsikana ndi angati? Ana adabwera ndi malikisi otani, ndipo atuluka ndi otani? Mayankho ake ndiwo angalozere boma pamene pakufunika malo ogona atsikana, labotale kapena mphunzitsi wa masamu, kuti mwana wa kumalire apikisane ndi mnzake wa ku Lilongwe pa mayeso amodzi omwewo.