Mwana Wa Kumbuyo Kwa Kalasi

M'masukulu a boma a ku Mandevu, Chaisa, Marapodi ndi Chipata Compound, makalasi amadzaza kufikira ana ena kukhala pansi. Khamu limeneli linakula kwambiri m'caka ca 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu mpaka Giredi 12. Ici ncoyamika ndithu. Koma mwezi uno tifuna kukumbukira mwana mmodzi: uja amakhala kumbuyo, pafupi ndi khoma, amene temu yonse imatha aphunzitsi asanamve liwu lake. Sikuti ndi mbuli ai. Kunyumba tinamphunzitsa kuti mwana sayankha akulu, ndipo kusukulu anzake anamseka tsiku lina atapunthwa pa mau a Cingelezi. Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa.

Mwana wotere kawirikawiri amayamba kumveka masana, maphunziro atatha, pamene ng'oma yalira kuseri kwa makalasi. Bungwe la NASAAZ, loyang'anira zaluso m'masukulu a m'Zambia, limakonza mipikisano ya masewero, ndakatulo, makwaya ndi magule a makolo, kuyambira ku maboma kufikira ya dziko lonse. Zikho zimene amalandira opambana sitizinyoza, koma phindu lenileni lili m'masabata okonzekera.

Taonani m'mene zimacitikira. M'sewero mwana sayamba ndi mau ake. Amabwereka a munthu wina: agogo, kondakitala wa minibasi, mai wogulitsa kapenta pamsika. Akalakwitsa, wolakwa ndi kondakitala uja, ndipo aphunzitsi amangoti, "Bwerezanso." Amabwereza kakhumi, m'Cinyanja cimene amalankhula kunyumba, mpaka mawondo aleka kunjenjemera. Tsono tsiku lina amapempha kuti asinthe mau ena, poti "kondakitala salankhula tero". Apo ndiye kuti mwana wayamba kunena zake.

Ndipo ana a kuno ali nazo zonena. Kolera ya 2017 inayambira m'dera lomweli la Chipata. M'Januwale 2018, ndiponso m'Januwale 2024, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la National Heroes linasanduka cipatala. Mwana amene anaona zimenezi sangazilembe bwino m'mayeso, koma mpatseni ndakatulo, mudzamva.

Njira imeneyi si yacilendo mu Lusaka. Ophunzira a pa University of Zambia, kudzera m'gulu la Chikwakwa, anali kucita masewero m'zilankhulo zathu m'zaka za m'ma 1970. Gulu la Barefeet linayamba mu 2006 ndi ana okhala m'miseu, amene anthu ambiri anali atawataya kale.

Tidziwa nkhawa zanu, makolo anzathu. Muti mwana abwera mocedwa, nchito za pakhomo zaima, mayeso ayandikira, ndipo mtsikana asayende m'komboni dzuwa litalowa. Nkhawa yotsirizayi njoona, ndipo sitiipeputsa. Koma mankhwala ake si kuletsa. Pitani kusukulu, mukadziwe mphunzitsi woyang'anira gululo, mupangane nthawi yowerukira, ndipo ana a njira imodzi azibwerera pamodzi.

Cimene cimagwetsa magulu ambiri ndi ndalama ya basi yopita ku mpikisano, ndi cikopa ca ng'oma cikang'ambika. Izi ndi nkhani zoyenera kubuka pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, pamodzi ndi ya madesiki ndi ya zimbudzi, temu isanafike pakati.