Chipolopolo Sichidziŵa Malire

Chaka chatha, m'nyengo yokolola, m'mudzi mwathu kuno ku mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi mudachitika kanthu kamene kadadanitsa mabanja aŵiri amene akhala akupalana moto kwa zaka zambiri. Bambo wina pochokera ku Johannesburg adabwera ndi mfuti ya mpweya, ija ena amati mfuti ya mbalame. Tsiku lina madzulo adaimika chitini pamwala kuseri kwa nyumba yake, nayamba kuphunzitsa mwana wake kulasa chandamale. Chipolopolo china chidaphonya chitinicho, chidanjanja pamwalapo, nkupyola mpanda waudzu, nkukagunda chidebe chimene mtsikana wa pa nyumba yoyandikana adasenza pochokera kumjigo. Mwanayo sadavulale, koma kuchokera pamene chidagundapo kufika pa diso lake panali pafupi ngati chikhatho chimodzi. Mlandu udakafika kwa a nyakwaŵa, mwini mfuti adapepesa ndi nkhuku, komabe mpaka lero amai a mabanja aŵiriwo sabwerekana mtondo.

Ife sitikunena kuti kuphunzira kulasa chandamale nkoipa ai. Ndi maseŵera olemekezeka amene amaphunzitsa kudekha, ndipo kuyambira mu 1984 mpikisano wa mfuti ya mpweya, wolasa pa mtunda wa mamita 10, umachitika pa maseŵera a Olimpiki. Chimene tikunena nchakuti munthu woombera pakhomo pake ali ndi udindo woonetsetsa kuti chipolopolo chilichonse chathera m'bwalo lake lomwelo.

Ambiri amaipeputsa mfutiyi chifukwa ilibe wonga. M'kati mwake muli sipuling'i imene imakankha mpweya mwamphamvu, ndipo mpweyawo ndiwo umatulutsa kachipolopolo ka mtovu, ka mamilimita 4.5 kapena 5.5 kukula kwake. Kakang'ono ka 4.5 kamalemera pafupifupi theka la galamu, koma kamatuluka pa liŵiro loposa mamita 150 pa sekondi imodzi, ndipo mfuti ikaloza m'mwamba pang'ono kamatha kukagwa kutali koposa mamita 200, kutalika kwa mabwalo aŵiri a mpira. Kamaboola khungu, kamaswa galasi, ndipo diso kamaliphulitsa. Tsono taganizani za kamangidwe kathu kuno: ku Mvera, ku Kongwe ndi m'munsi mwa phiri la Ntchisi nyumba zili m'zitunda, ina pamwamba ina pansi, ndipo tinjira ta kumadzi ndi ta kusukulu timadutsa kuseri kwa mipanda. Mpanda waudzu umangobisa munthu wodutsa, koma chipolopolo sungachiimitse.

Choyamba tsono ndicho kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Dziko lathu lili ndi lamulo la mfuti la mu 1967, ndipo oyang'anira za mfuti ndi apolisi. Munthu asanagule kapena kuloŵa nayo m'dziko muno ayambe wakamva kwa iwo zoyenera kutsata. Akachoka kumeneko adziŵitse a mfumu, kenaka apite yekha kwa anansi ake, osati kutuma mwana. Mau ake ngochepa: "Pepani bambo, ndili ndi mfuti ya mpweya, ndipo ndikufuna kumaphunzira kuseri kwanga Loŵeruka masana. Tiyeni mukaone pamene ndakonza, ndipo ngati simukukondwa nazo mundiuze." Mnansi amene waona ndi maso ake sadzidzimuka akamva kulira kwake. Tikumbukirenso kuti m'boma la Dowa lomweli muli Dzaleka, kumene kuyambira mu 1994 kumakhala anzathu othaŵa nkhondo m'maiko ao. Kwa munthu amene adaona nkhondo, mfuti iliyonse ndi mfuti, ndipo kuyenda nayo poyera pamseu kapena pamsika nkusoŵa chifundo.

Chachiŵiri ndicho malo oombera. Kumbuyo kwa chandamale kukhale chinthu chofeŵa ndi chochindikala chomeza chipolopolo: chulu chofukulidwa, kapena matumba a mchenga osanjikizana mpaka kupitirira chandamale mbali zonse. Mwala, njerwa, malata ndi thabwa louma zimabweza chipolopolo, ndipo komwe chibwerere palibe amene angadziŵe. Chandamale chikhale chapepala, choikidwa m'munsi, kuti mfuti iziloza chapansi nthaŵi zonse. Woombera apereke msana ku nyumba ya mnansi, ku njira ndi ku khola. Kuombera mbalame ili pamtengo kapena padenga nkoopsa kopambana, chifukwa chipolopolo chikaphonya chimakagwa kumene sitikuona. Nzodziŵikanso kuti phokoso limene limatopetsa anansi kaŵirikaŵiri ndi la chitini chogundidwa, pamene pepala ndi mchenga sizisokosa.

Chachitatu ndicho nthaŵi. Pamene m'mudzi muli maliro kapena wodwala, pa nthaŵi ya mapemphero, pamene ana akuŵeruka kusukulu, ndiponso kukachita mdima, mfuti ikhale m'nyumba. Ola limodzi lomwe mudagwirizana lisasanduke tsiku lonse.

Chachinai ndicho ana. Ife aphunzitsi timadziŵa kuti mwana akaona pamene bambo wake wabisa chinthu, maŵa lake anzake onse achigwira. Mfuti itsekeredwe yopanda chipolopolo, zipolopolo zisungidwe kwina, ndipo mwana asaigwire popanda wamkulu pambali pake. Aphunzire kuti mfuti salozera munthu ngakhale moseŵera. Mtovu ndi poizoni: usaikidwe m'kamwa, m'manja musambidwe musanadye, ndipo zipolopolo zakugwa zitoledwe nkhuku zisanazitole. Malangizo omweŵa akhudzanso legeni, imene ili m'thumba la anyamata ambiri a sukulu zathu, pakuti mwala wa legeni nawo sudziŵa kusiyanitsa njiŵa ndi diso la mwana.

Tichenjezenso alimi oyandikana ndi nkhalango ya Ntchisi amene amavutika ndi anyani ndi apusi m'minda ya chimanga. Mfuti ya mpweya imangoivulaza nyama yotere, nkukafa pang'onopang'ono kuthengo. Komanso nyama zakuthengo zimatetezedwa ndi lamulo la mu 1992, limene zilango zake zidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo kusaka m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu. Vuto la nyama likakula, kauzeni a za nkhalango ndi nyama zakuthengo.

Aŵerengi okondedwa, akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bambo uja lero adaunjika matumba a mchenga asanu ndi limodzi patsinde pa chulu, ndipo amaombera Loŵeruka lokha. Akadachita zimenezi tsiku loyamba, bwenzi mtondo uja ukuyendabe pakati pa nyumba ziŵirizo.