Kachipewa ka ulusi kangapulumutse khanda ku chisanu

Mwezi wa Juni ukafika ku Chidzolomondo m'boma la Macanga, ngakhalenso kumapiri a ku Tsangano, anthu amadzuka nkhungu itakuta madimba a kachewere ndipo madzi a mumtsuko amachita kuluma mano. Akuluakulu amathawira pamoto, ana a sukulu amabisa manja m'khwapa. Koma alipo mmodzi amene sangathawe kapena kunena kuti wazizidwa. Ameneyu ndi khanda lobadwa kumene.

Mayi wapakati akamapita kukadikira kuchipatala amayenera kunyamula nsalu zingapo, beseni, sopo ndi tizovala ta mwana. Banja limene fodya wake anagulidwa bwino silivutika. Koma alipo amayi amasiye, ena amene amuna awo analowera ku Joni osatumizanso kanthu, ndi atsikana amene anawakana mimba. Otere amafika ndi nsalu ziwiri zokha. Ina ikanyowa pochira, mwana amatsala ndi imodzi yopyapyala, mutu uli pamtunda.

A zaumoyo amati apa ndi pamene pamayambira ngozi. Khanda limatuluka m'mimba mofunda lili lonyowa, lilibe mafuta ambiri m'thupi, ndipo silitha kunjenjemera kuti lidzifunditse monga amachitira wamkulu. Mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, choncho kutentha kwambiri kumathawira kumutuko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati thupi la khanda liyenera kutentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Likazizidwa limafooka, limakanika kuyamwa, ndipo matenda amaligwira msanga. Amene ali pangozi kwambiri ndi ana obadwa masiku osakwana ndi amene sikelo yawo siyifika makilogalamu 2.5. Malinga ndi bungweli, m'chaka cha 2022 ana pafupifupi 2.3 miliyoni padziko lonse anamwalira asanathe mwezi umodzi.

Nkhani yotere ndi imene inadzutsa amayi oluka ku America m'chaka cha 2006. Chaka chimenecho bungwe la Save the Children linatulutsa lipoti lonena kuti makanda ambiri amafa pa zifukwa zopeweka, ndipo linatchula chipewa choluka ngati china mwa zinthu zotsika mtengo zothandiza kuteteza mwana. Amayi, agogo ndi ana a sukulu atamva izi anatola zolukira zawo. Mogwirizana ndi bungwe lina lotchedwa Warm Up America, anasonkhanitsa tizipewa pafupifupi 280,000, ndipo tinatumizidwa ku Malawi ndi ku Bangladesh. Olukawo sanawaonepo ana amene anavala tizipewato.

Kachipewa kamagwira bwino ntchito kakaphatikizana ndi njira ya kangaru. Njirayi inayamba m'chaka cha 1978 mumzinda wa Bogotá ku Colombia, kumene Dr Edgar Rey Sanabria anaona kuti makina ofunditsira makanda anali ochepa kuposa ana owafuna. Iye anauza amayi kuti aziika mwana pachifuwa, khungu kukhudza khungu, ndi kumumanga ndi nsalu. Ku Malawi njirayi inakhazikika pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti mwana wochepa thupi aziikidwa pachifuwa akangobadwa. Mwana womangidwa motere amavala thewera, masokosi ndi chipewa basi. Thupi lonse limafunda ndi mayi, koma mutu umakhala panja. Ndiye chifukwa chake chipewa sichisowa pamenepo.

Anthu a m'malire muno sachita kuuzidwa kufunika kwa chofunda chopatsidwa ndi mlendo. Pa nthawi ya nkhondo anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ena mwa iwo ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, ndipo anagona m'mabulangete a chithandizo mpaka pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ngakhale zovala za kaunjika mpaka lero zimatchedwa kalamidade, dzina lokumbutsa masiku amene zinkabwera ngati thandizo kwa ovutika. Koma thandizo lochokera kutali limabwera lero, mawa osabwera, pamene chisanu cha Juni sichiphonya chaka. Luso loluka ndi losoka lilipo kale m'midzi. Kutsidya kwa malire amayi a Chigwirizano ndi a Mvano akhala akuphunzitsana kusoka ndi kuyendera odwala kwa zaka zambiri, ndipo kuno nako ndi mudzi wochepa umene ulibe mayi wodziwa kuluka juzi.

Chimene chimagwetsa ulesi ambiri ndi mtengo wa ulusi. Koma juzi yakale ya pakalamidade, imene yang'ambika m'zigongono, ikamasulidwa bwino imatulutsa ulusi wokwanira tizipewa tingapo ndi masokosi omwe. Ulusiwo uchapidwe ndi sopo, uyanikidwe, kenaka ukulungidwe. Amene alibe zolukira za kusitolo angathe kunola masipoko a njinga, monga ankachitira atsikana akale, bola nsonga yake ikhale yosalala. Mutu wa khanda lobadwa masiku okwana umazungulira masentimita pafupifupi 34, pamene chipewa cha mwana wochepa thupi chimayezedwa pochiveka lalanje. Chipewacho chisathine, chisakhale ndi zingwe kapena mabatani amene angatsamwitse mwana, ndipo chisatsike mpaka kuphimba mphuno. Ndi bwino kupereka ziwiri, kuti china chikanyowa mwana avale chinzake.

Bulangete nalo siliyenera kulemetsa munthu mmodzi. Ku South Africa kuli gulu lotchedwa Knit-a-Square, limene linayamba mu 2008 pofuna kufunditsa ana amasiye. Aliyense amaluka kachidutswa ka masentimita 20 mbali zonse, ndipo tizidutswa 35 tikalumikizidwa timapanga bulangete la mwana. Amayi asanu ndi awiri ataluka tizidutswa tisanu aliyense, bulangete latha. Osadziwa kuluka angapemphe zotsalira za nsalu kwa atelala a pamsika, nasoka zigamba zimenezi pamodzi, kuikamo nsalu yakale mkati kuti chofundacho chikhuthale. Abambo nawo ali ndi mbali yawo, pakuti atelala ambiri ndi amuna, ndipo wogulitsa thumba la kachewere sangalephere kugulako mpukutu umodzi wa ulusi.

Kaperekedwe kake nakonso kamafuna nzeru. Umphawi uli ndi manyazi, ndipo mayi woitanidwa pagulu kuti alandire chipewa anthu akuomba m'manja amabwerera kwawo mtima uli wosweka. Njira yabwino ndi kusiya mphatsozo kwa anamwino a kumalo ochirira, chifukwa iwo ndi amene amaona mayi wofika chimanjamanja, kapena kupita nazo mwakachetechete pokaona mwana m'chikuta monga mwa mwambo. Pamenepo mphatso imalowa m'nyumba ngati ya mbale, osati ya wopempha.

A zaumoyo amachenjeza kuti chipewa si mankhwala. Mwana apukutidwe akangobadwa, ayamwe msanga, ndipo asasambitsidwe mpaka patapita maola 24. Ngati wasiya kuyamwa, akupuma mobanika, watentha thupi, kapena mapazi ndi mimba zazizira ngakhale wafunditsidwa, makolo athamangire naye kuchipatala osadikira kuti kuche.

Nthawi yabwino yoyamba kuluka ndi Epulo ndi Meyi, chisanu chisanakhwime, kuti pofika Juni tizipewa tikhale tili m'manja mwa anamwino. Mayi amene waluka lero sadziwa mutu umene udzavale. Mwina ndi wa mwana wa mlendo wochokera ku Furancungo, mwina ndi wa mdzukulu wake yemwe. Paja akulu anati kupatsa nkuika.