Mneni Wachingerezi Cut ndi Aneni a Kudula m'Chicheŵa cha ku Joni

Mneni wachingerezi cut ndi wamfupi, koma amasautsa omasulira kuposa mau ambiri aatali. Mngerezi amatchula mau omweŵa pa chingwe, pa tsitsi, pa mtengo, pa malipiro, pa magetsi ndi pa njira. Mcheŵa sangatero. Iye amayamba wafunsa kuti chinthucho nchiyani, chida nchotani, ndipo dzanja layenda bwanji.

Timatema mtengo ndi nkhwangwa, pakuti kutema kumafuna kukweza mkono ndi kumenya. Timacheka matabwa kapena nyama, chida chikupita uku ndi uku. Udzu timamweta, tsitsi timameta, zikhadabo timaŵenga, nkhuni timaŵaza, nthambi timasadza, nkhuku timazinga. Kudula ndiko kulekanitsa chinthu paŵiri mopingasa, ndipo nchifukwa chake pali kuduka, mneni wosatchula wochita. Kafukufuku wa Asifa Majid, Melissa Bowerman ndi anzawo, amene anasindikizidwa mu 2007 atayerekeza zinenero 28, anaonetsa kuti zinenero zimagaŵa ntchito za kudula ndi kuswa mosiyanasiyana, ngakhale pali mizere ina imene zambiri zimatsata. Chicheŵa chili m'gulu la zogaŵa mosamala.

Chodabwitsa nchakuti pa aneni onseŵa, amene wasenza matanthauzo okuluŵika ambiri ndi dula. Timadula munthu mau, timadula phazi kwa mnansi amene watikhumudwitsa, timalankhula mwachidule. Madzi, magetsi ndi malipiro amadulidwa, ndipo apa Chicheŵa ndi Chingerezi zikuyendera limodzi. Koma kudula msonkho ndiko kulipira msonkhowo, pamene mau ofanana nawo m'Chingerezi atanthauza kuuchepetsa. Womasulira wopupuluma angasandutse wokhoma msonkho kukhala nduna ya zachuma.

Ku Johannesburg nkhaniyi imakula, chifukwa kumeneko Mmalaŵi amakumana ndi adula atatu. Woyamba ndi wathu uja. Wachiŵiri ndi wa Chisotho, amene atanthauza kukhala: pofunsa kuti "O dula kae?" Msotho akufuna kudziŵa kumene munthu amakhala, osati chimene akudula. Wachitatu ndi wa mau akuti "shuga wadula". Ameneyu ambiri amamuyesa nthambi ya woyamba, ngati kuti mtengo wa katundu umadula thumba. Ine sindivomereza. Chiafrikaans chili ndi duur, kutanthauza chokwera mtengo, ndipo mau ameneŵa analoŵa m'Chizulu monga dula ndi m'Chishona monga dhura. Njira yofikira kwathu inali yotseguka: Wenela inkatenga amuna kupita nawo ku migodi ya golide, kumene ankalankhula Fanakalo, ndipo mu 1973 Amalaŵi a m'migodimo anaposa 100,000. Ulendowu unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, unayambanso mu 1977, nkuthera mu 1988. Galamala nayo ikuchitira umboni. Dula wa mtengo salandira pamtherankhani ndipo alibe mnzake duka. Sitinena kuti shuga waduka pofuna kunena kuti wakwera mtengo. Aŵiriŵa amangokumana pa mphatikiram'tsogolo wochititsa, pamene "wadulitsa nyama" angakhale wotuma wina kuti aidule kapena wogulitsa mokwera. Nchifukwa chake ndikupempha olemba mabuku otanthauzira mau, kuphatikizapo amene adzakonzanso Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, kuti aneni aŵiriŵa azikhala pa mitu yosiyana.

Vuto lenileni lili m'chipatala ndi m'bwalo la milandu. Tsiku lina ndinaperekeza mnyamata wakwathu ku chipatala china mumzindawu, dzanja lake litakulungidwa nsanza. Iye anati, "Ananditema." Amene ankamasulira anangoti cut, ndipo pa pepala panalembedwa chimodzimodzi. Mau atatu anatayika pamenepo: kuti panali munthu wina, kuti chida chinali cholemera monga chikwanje, ndi kuti anachita kumenya nacho. Akanati "ndadzicheka", kapena akananena za mphini zimene sing'anga amatema, pepalalo likanaŵerengeka mofanana. Nkhani yotere ikafika pamaso pa woweruza, kusiyana kwa ngozi ya pa ntchito ndi kuvulaza munthu mwadala kumakhala kutafufutika kale, ndipo wodandaula amaoneka ngati wasintha mau pamene womasulira wachiŵiri wabwezera nkhwangwa kapena chikwanje m'chiganizo.