Musathamangire machesi pabwalo latsopano

Munthu akalowa nyumba yomwe bwalo lake lasanduka tchire, maganizo oyamba amakhala otentha zonse. Ine ndimakana. Moto umawaula mitengo ya zipatso, umasungunula mapaipi a pulasitiki oonekera pamtunda, ndipo mu Okutobala suchedwa kulumphira kumpanda wa udzu wa anansi.

Yambani mwayendera malowo mutavala majombo, ndodo ili m'manja, poti njoka zimakonda milu ya njerwa ndi malata akale. Mukatchetcha ndi chikwakwa, udzuwo muunjike pakona, muthiremo ndowe ndi phulusa pang'ono, udzasanduke manyowa. Zitini ndi matayala zichoke tsiku lomwelo, chifukwa madzi akadikhamo udzudzu umaswana.

Chomwe chimandiwawa n'kuona waganyu akuzula chilichonse. M'tchiremo mumakhala bonongwe, chisoso, luni, ngakhale timitengo ta mango ndi magwafa tomera tokha. Muonetseni zoti asiye asanagwire khasu.

Za dimba ndi maluwa zidikire kaye. Mvula ya Disembala idzakuonetsani komwe madzi amathamangira ndi pomwe amaima, ndiye ngalande mudzakumbe motsatira zimenezo. Bulugamu yekha musabzale pafupi ndi khoma kapena dzenje la chimbudzi: mizu yake imang'amba simenti.